Funsani Aphunzitsi: Zilembo zalowa m'masamu, mwana wanga wasokonezeka

FUNSO: Aphunzitsi, mwana wanga wamwamuna ankakhoza bwino masamu kupulayimale, moti anzake ankabwera kunyumba kuti aziwathandiza. Chilowereni sekondale zinthu zatembenuka. Teremu yathayi wabwera ndi malikisi oti sindingawatchule pagulu. Ndikamufunsa amangoti masamu anali bwino asanalowemo ma x ndi ma y. Kodi mwana wa Fomu 1 kapena Fomu 2 ayenera kudziwa chiyani kwenikweni? Ndimupezere mphunzitsi wapadera? — Mayi wa ana atatu

YANKHO: Mayi, musanatulutse ndalama ya mphunzitsi wapaderayo, tengani pepala madzulo ano mumulembere mwanayo ichi: 8 + 4 = __ + 5. Musamuthandize, ndipo musamuimirire kumbuyo.

Ine ndimapereka funso limeneli tsiku loyamba ku kalasi iliyonse ya Fomu 1 imene ndapatsidwa, ndipo chaka chilichonse pamapezeka ana ochenjera ndithu amene amalemba 12. Ena amalemba 17, poti aphatikiza manambala onse amene awaona. Yankho ndi 7. Wolemba 12 uja si mbuli ayi. Zaka zonse zakupulayimale wakhala akuona chizindikiro cha = ngati belu lomuuza kuti tsopano lemba yankho. Palibe anamufotokozera kuti timizere tiwiri timeneti timanena kuti zimene zili kumanzere n'zofanana ndi zimene zili kumanja. Robert Recorde, amene anayambitsa chizindikirochi mu 1557, anasankha mizere iwiri yoyendera limodzi chifukwa ankaona kuti palibe zinthu ziwiri zofanana kuposa zimenezo.

Mwana akamvetsa mfundoyi, 3x + 5 = 20 amaiona ngati sikelo ya mbale ziwiri imene sinapendekere kulikonse. Ukachotsa 5 mbali imodzi, uchotsenso 5 mbali inayo, patsala 3x = 15. Ukagawa ndi 3 uku, ugawenso ndi 3 uko, ndipo x ndi 5. Kenako ayese yankholo: 3 kuchulukitsa ndi 5 ndi 15, kuphatikiza 5 ndi 20. Zagwirizana. Mwana wozolowera kuyesa yankho lake motere sadikira aphunzitsi kuti amuuze ngati wakhoza.

Pano ndiulule tchimo langa. Zaka zanga zoyambirira pantchitoyi ndinkaphunzitsa mmene ndinaphunzitsidwira ine: nambala ikaoloka imasintha chizindikiro. Ana ankaimba mawuwa ngati nyimbo, ine n'kumasangalala. Tsiku lina ndikuchonga makope ndinapeza mtsikana wina, wakhama zedi, atafika bwinobwino pa 3x = 15, kenako n'kulemba x = 15 − 3, n'kupeza 12. Anaolotsa 3, n'kumusintha chizindikiro, ndendende mmene ndinamuuzira. Cholembera chofiira chinandilemera m'manja, chifukwa wolakwa sanali iye. Kuyambira pamenepo mawu oti kuolotsa sindiwatchulanso m'kalasi mpaka ana atazolowera sikelo.

Zilembozo zisamuopseze. Mawu oti algebra, dzina la masamu a zilembowa, anachokera ku mawu a Chiarabu oti al-jabr, omwe anali m'mutu wa buku limene katswiri wa masamu al-Khwarizmi analemba ku Baghdad cha m'ma 820, ndipo iyeyo ankalemba masamu akewo m'mawu okhaokha, wopanda x ngakhale mmodzi. Inunso chitani chimodzimodzi. Muuzeni kuti: "Ndaganiza nambala, ndaichulukitsa ndi 3, ndaonjezera 5, ndapeza 20. Ndi nambala yanji?" Ana ambiri amene amanjenjemera ndi x amayankha funsoli asanagwire n'komwe pensulo. Akayankha, mumuonetse kuti samu ija ndi yomweyo.

Funso lachiwiri loti mumupatse ndi 1/2 + 1/3. Akalemba 2/5, ndiye kuti mwapeza pamene pagona nkhani. Musakalipe. Mungomufunsa ngati 2/5 ikuposa theka. Theka la 5 ndi 2 ndi hafu, choncho magawo awiri mwa asanu safika n'komwe pa theka. Zatheka bwanji kuti munthu anali ndi theka, waonjezerapo kanthu, n'kutsala ndi zochepa? Dulani kapepala kataliko, mukapinde magawo 6 ofanana. Theka ndi magawo atatu, 1/3 ndi magawo awiri, onse pamodzi 5/6. Mafulakishoni ndi amene amagwetsa ana ambiri a sekondale amene ndawaphunzitsa, koma mlandu umagwera algebra, chifukwa mwana amene sangathe 1/2 + 1/3 adzaima mutu akadzakumana ndi x/2 + x/3.

Chachitatu ndi matebulo. Mwana akaona 56, m'mutu mwake muzibwera 7 ndi 8 nthawi yomweyo. Ngati akuwerengabe zala pansi pa desiki, nzeru zake zonse zimathera pamenepo, ndipo pofika pa funso lenilenilo amakhala atatopa.

Zina zimene akumane nazo m'zaka ziwirizi ndi manambala ochepera ziro, maperesenti, kuyerekeza kuchuluka kwa zinthu, ngodya, kukula kwa malo ndi kujambula magilafu. Zimenezi aphunzitsi ake amuphunzitsa, ndipo sizivuta kwa mwana amene zitatu zija zinakhazikika. Mphunzitsi wapadera mumupeze ngati mungathe, koma mumuuze kuti ayambire pamene pepala lanu lija laonetsa. Akangobwereza za m'kalasi, ndalama yanu yalowa m'madzi.

FUNSO: Aphunzitsi, n'chifukwa chiyani mayinasi kuchulukitsa ndi mayinasi imapereka pulasi? Nditafunsa m'kalasi anandiuza kuti ndingoloweza, ndi lamulo. — Wophunzira wa Fomu 1

YANKHO: Wachita bwino kufunsa, mwanawe, ndipo usasiye khalidwe limeneli. Tenga kope ulembe mizere iyi motsikira pansi:

3 × (−2) = −6
2 × (−2) = −4
1 × (−2) = −2
0 × (−2) = 0

Yang'ana mayankhowo. Nambala yoyamba ikatsika ndi 1, yankho likukwera ndi 2. Mzere wotsatira ndi (−1) × (−2). Kuchoka pa 0 n'kukwera ndi 2, ufika pa 2. Wotsatirawo upereka 4. Palibe mfumu inakhala pansi n'kulamula zimenezi. Yankho lina lililonse likanaswa ndondomeko imene manambala akhala akuitsatira kuyambira pamwamba paja.

Usachite manyazi kuti zikukuzunguza. Brahmagupta wa ku India analemba malamulo a manambala amenewa mu 628, ndipo ankawafotokoza ngati chuma ndi ngongole. Komabe patapita zaka zoposa 1,000, René Descartes, yemwe uja anatizoloweretsa kulemba x ndi y, ankatchulabe mayankho ochepera ziro kuti ndi abodza.

Ndikuchenjeze chimodzi, poti ndimachiona m'makope sabata iliyonse. Anzako akangoloweza kuti mamayinasi awiri amapanga pulasi, amafika pa −3 − 5 n'kulemba 8. Apa palibe kuchulukitsa. Uli ndi ngongole ya 3, wakongolanso 5, ngongole yako ndi 8, ndiye yankho ndi −8. Ukakayikira, jambula mzere wa manambala, ika chala pa −3, uyende masitepe asanu kumanzere.

FUNSO: Ine ndi amayi akunyumba tikusiyana maganizo. Iwo akuti timugulire mwana calculator poti anzake onse ali nayo, ine ndikuti imupusitsa. Tiweruzeni. — Bambo wina

YANKHO: Bambo, mlandu wa m'banja sindiweruza, koma mugulireni pamene sukulu yake yanena kuti ikufunika. Chimene ndimapempha ndi chakuti asanadine batani lililonse azinena kaye kuti yankho likhala pafupi ndi chiyani. Pa 49 × 21 aziganiza kuti ndi pafupifupi 50 × 20, ndiye 1,000. Makina akamupatsa 1,029 avomere. Akamupatsa 10,290 adziwe kuti chala chaterereka.

Muyeseninso ndi 2 + 3 × 4. Ma calculator wamba aja amawerengera motsatana n'kupereka 20, pamene asayansi amapereka 14, chifukwa kuchulukitsa kumayamba, kuphatikiza pambuyo. Makina awiri, mayankho awiri. Amene angadziwe kuti 14 ndiye yolondola ndi mwana yekhayo amene anaphunzira dongosolo lake.

Palinso funso limene calculator sithandiza ngakhale pang'ono, ndipo limagwetsa akuluakulu omwe. Chinthu chakwera ndi 50 peresenti, kenako chatsika ndi 50 peresenti. Chabwerera pomwe chinali? Yambirani pa 100. Kukwera kukufikitsani pa 150, ndipo theka la 150 ndi 75. Peresenti nthawi zonse imakhala ya chinachake, ndipo chinachakecho chasintha panjira. Mufunseni limeneli amayi ali pomwepo, koma inu muyambe mwaliyeserera panokha.

FUNSO: Ndine mmisiri womanga nyumba ndipo sukulu sindinapite nayo patali. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 2 ndipo amadandaula kuti za mathirayango ndi ngodya n'zongotaya nthawi. Ndimasowa chomuyankha poti zam'mabukuzo sindizidziwa. — Mmisiri

YANKHO: Bambo, kalata yanu yandisangalatsa kuposa onse mwezi uno, chifukwa zimene mukuti simuzidziwazo mumazigwira ndi manja tsiku ndi tsiku. Mukamayala maziko n'kufuna kuti kona ikhale sikweya, ndikhulupirira mumayeza 3 mbali imodzi, 4 mbali inayo, n'kuona ngati chingwe chodutsa pakati chikukwana 5. Kaya ndi masentimita 60, 80 ndi 100, nkhani ndi yomweyo. Mwana wanuyo m'kalasi amaitchula kuti mfundo ya Pythagoras: 3 × 3 ndi 9, 4 × 4 ndi 16, ndipo 9 kuphatikiza 16 ndi 25, yomwe ndi 5 × 5. Mbali zitatu zikagwirizana chonchi, ngodyayo ndi ya madigiri 90. Dzina ndi la Pythagoras, koma anthu a ku Babulo analemba manambala otere pa mapale adongo zaka zoposa 1,000 iye asanabadwe.

Mutengeni Loweruka lina mupite naye kuntchito. Mumupatse tepi, zikhomo ndi chingwe, akhome yekha kona imodzi. Dala mulole kuti chingwe chapakati chipitirire pang'ono pa 100, kenako mumufunse ngati konayo yatseguka kapena yapanikizika. Ine pa bolodi ndimatha mlungu wathunthu kufotokoza zimenezi ndi choko, ana n'kumayasamula.

Mukatero mumufunse ili. Chipinda cha mamita 3 mulitali ndi 3 mulifupi chimalowa matailosi mwakuti. Mwini nyumba wasintha maganizo, akufuna cha mamita 6 ndi 6. Matailosi achuluke kangati? Ana ambiri amathamangira kunena kuti kawiri. Inu mukudziwa kale kuti ndi kanayi, chifukwa 9 wasanduka 36, ndipo mmisiri amene angagule owirikiza kawiri okha abwerera kusitolo ntchito ili pakati. Musamuuze msanga. Mumusiye ajambule pansi ndi kamtengo, tizipinda ta 3 ndi 3 m'kati mwa chachikulucho, mpaka aone yekha kuti tikulowamo tinayi.

Ndikupemphani chinthu chimodzi pobwezera. Iyeyo akuonetseni mmene amalembera zomwezo m'kope lake, ndi zilembo a, b ndi c, ndipo ayese nanu manambala ena monga 5, 12 ndi 13. Mudzandilembere kuti chingwe chinakwana kapena ayi.