Agogo akuti 1949, chitupa chikuti 1952: mwana alembe ziti?

Mayi wina wa ku Mufakose, kuno ku Harare m'dziko la Zimbabwe, wandilembera mtima ukuwawa. Mwana wawo wamkazi wa Fomu 3 analowa mpikisano wa kafukufuku wa mbiri yakale wa masukulu a m'dera lawo. Analemba masamba 22 ofotokoza ulendo wa agogo ake aamuna, omwe anachoka ku Dedza ali mnyamata n'kudzakhazikika kuno. Zithunzi zinalimo, mapu analimo, chikuto anakamangitsa m'tauni. Sanapate kanthu. Wopambana anali mnyamata amene analemba masamba 9 okha za sosaite ya maliro ya kwawo. Pa pepala la oweruza panalembedwa kuti nkhani ndi yokoma koma magwero ake sanaunikidwe. Mayiwo akufunsa kuti: "Kodi sanatidule chifukwa nkhaniyi ndi ya ife achiNyasa? Nanga mawu a munthu wamkulu amene anayenda yekha ulendowo angafunenso umboni wanji?" Pulojekitiyo anditumizira pa WhatsApp.

Mayi, ndawerenga masamba onse, ndipo mwanayu amatha kulemba. Za tsankho sindingakuuzeni kuti kulibe. Tonse amene tinakula tikutchedwa mabhurandaya, dzina lonyozera anthu ochokera ku Malawi, pabwalo la sukulu tikulidziwa. Koma ine ndakhalapo pampando woweruza mipikisano yotereyi kangapo, ndipo ndikadakhala pamenepo tsikulo, nanenso sindikadamupatsa malo oyamba. Chifukwa chake chili pa tsamba 4 ndi tsamba 15.

Pa tsamba 4 mtsikanayu walemba kuti agogo anafika kuno mu 1949, chaka cha njala. Njalayo ndi yoona, inagwa ku Nyasaland, komwe lero ndi Malawi, mu 1949 mvula itakana, ndipo okalamba ambiri amawerengera zaka kuyambira pamenepo. Koma pa tsamba 15 wamatapo chithunzi cha chitupa cha agogo, chija mwati chimakhala m'kachitini ka mabisiketi pansi pa bedi. Ndachikulitsa pafoni. Pepala lachita kufiira, m'mapindiro mwang'ambika, dzina la mudzi kalaliki analilemba molakwika, koma chidindo chikuwerengeka bwinobwino: 1952. Zaka zitatu zasowa pakati, ndipo m'masamba onse 22 mulibe chiganizo ngakhale chimodzi chosonyeza kuti mwanayu anaziona. Woweruza akaona zotere amadziwa kuti chitupacho chinaikidwamo ngati duwa lokongoletsa tebulo. Sichinawerengedwe.

Sindikunena kuti agogo ananama, Mayi, ndipo musakawauze choncho. Sindikunenanso kuti pepala la boma ndiye loona. Makalaliki a nthawi ya atsamunda ankangoyang'ana nkhope ya munthu n'kumupekera chaka chobadwa, ndipo ambiri mwa makolo athu ankatchula dzina lina kapena mudzi wina pofuna kuzemba msonkho kapena bwana amene anamuthawa. Zaka zitatuzo zikhoza kutanthauza zinthu zingapo. Mwina agogo anadutsira ku Tete, n'kuwoloka Zambezi, n'kuyamba akodwa pa pulazi ya fodya cha ku Mutoko osalembetsa kulikonse mpaka atafika m'tauni. Mwina chitupa choyamba chinatayika, ichi ndi chachiwiri. Mwina anabwera kawiri, monga ankachitira ambiri: kugwira ntchito, kubwerera kumudzi ndi njinga ndi bulangeti, kenako kunyamukanso ulendo wochona. Mwinanso njala ija inangowakhala m'mutu kwambiri moti ulendo wonse anaukoloweka pa chaka chimenecho. Pamenepa ndi pamene panali pulojekiti yeniyeni. Mwanayu akadalemba kuti agogo akuti chakuti, chitupa chikuti chakuti, ndinabwererako kukafunsanso, ndipo ine ndikuganiza motere pa zifukwa izi, malikisi akadagwa ngati mango a Disembala, ngakhale akadamaliza ndi kunena kuti funsoli silinathe.

Tsopano ndilankhule ndi iwe mwanawe, poti mayi ako akuwerengera.

Gwero lililonse limene wagwira, kaya ndi munthu, pepala, nyuzipepala kapena chithunzi, ulifunse kuti linachokera kwa yani, liti, ndipo mwini wake ankafuna kuti amve ndani. Agogo ako akamakusimbira, akusimbira mdzukulu, patapita zaka zoposa 70. Pali zina amazikometsa, pali zina amazilumpha chifukwa sizoyenera khutu la mwana. Kalaliki ankalembera boma lofuna kudziwa amene walowa m'dziko ndi amene wakhoma msonkho. Aliyense wa awiriwa pali chimene anaona bwino ndi chimene sanaone. Za matuza a m'mapazi ndi mantha a mikango usiku, funsa agogo, kalaliki sanayende nawo. Za tsiku limene analembetsa, chidindo chimakumbukira kuposa mutu wa munthu.

Pa tsamba 11 palinso china. Walemba kuti agogo anamva Kamuzu Banda akulankhula ku lokeshoni ya Highfield, kuno ku Harare, mu 1964, chaka chimene Malawi inalandira ufulu. Kamuzu analankhuladi ku Highfield, koma munali mu Disembala 1958, akuchokera ku msonkhano wa ku Accra, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chikadalipo. Patangopita miyezi yochepa, pa 3 Malichi 1959, anamangidwa ku Nyasaland n'kudzatsekeredwa ku ndende ya Gwelo, komwe lero timati Gweru, mpaka pa 1 Epulo 1960. Chitaganyacho chinayamba mu 1953 n'kutha kumapeto kwa 1963. Ukadafufuza zimenezi ukadapeza chinthu chosangalatsa: agogo ako sanapeke msonkhanowo, anangousuntha chaka. Ndiye kuti buku latsimikizira mawu awo pa chachikulu n'kuwakonza pa chaching'ono. Woweruza akawerenga mwana akuchita zimenezi amasiya kuyang'ana wotchi.

Samalanso ndi mayina a malo. Mzinda uno unkatchedwa Salisbury mpaka mu 1982. Agogo akanena kuti "tinkakhala ku Harare" pokamba za m'ma 1950, akunena lokeshoni ya anthu akuda imene lero ndi Mbare. Iwe pa mapu ako wajambula kadontho pakati pa tauni, pomwe munthu wakuda wa chitupa ngati chawo sakadapeza nyumba. Chimodzimodzi Hartley ndi Chegutu, Gatooma ndi Kadoma, Sinoia ndi Chinhoyi, ndipo kwathu Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje. Ukamasaka m'mapepala akale ndi dzina latsopano ubwerako chimanjamanja.

Ndime ziwiri zofotokoza chifukwa chimene anthu ankachokera ku Nyasaland ndazizindikira kuti si zako. Chingerezi chake chasintha mwadzidzidzi, ngati munthu wovala nsapato zobwereka. Kutenga mfundo pa intaneti si mlandu, mlandu ndi kusanena kumene wazitenga ndiponso kusafunsa kuti iwo anazitenga kuti. Akuluakulu anati kandimverere adakanena za m'maluwa. Chaka china ndikuweruza, mnyamata wina anandandalika mabuku asanu kumapeto kwa ntchito yake. Limodzi linandikopa, mutu wake unali wokoma, ndipo ndinamufunsa kuti analipeza laibulale iti kuti nane ndikaliwerenge. Anayang'ana pansi, anakanda m'mutu, kenako anavomera kuti mndandandawo anamulembera ndi AI ya pafoni. Bukulo kulibe padziko lino. Tinamuchotsa mumpikisano ntchito yake ina yonse ili yabwino, ndipo mpaka lero zimandimvetsa chisoni.

M'malo mwa ndime zobwerekazo, funsa agogo mawu awiri: Ulere ndi Mthandizi. Ulere anali malole a boma la Southern Rhodesia, yomwe lero ndi Zimbabwe, onyamula anthu ofuna ntchito osalipiritsa, ndipo Mthandizi linali dzina limene kwathu ankatchulira bungwe lolemba anthu ntchito za m'mapulazi a kuno, losiyana ndi Wenela yomwe inkatengera anthu ku migodi ya Joni. Munthu wobwera ndi Mthandizi ankabwera pa kontalakiti, wodziyendera yekha ankasankha bwana. Agogo akakuuza njira imene anabwerera, mwina zaka zitatu zija ziyamba kuoneka.

Mayi, mwafunsa kuti mnyamata wa masamba 9 anapambana bwanji. Ntchito yake sindinaione, koma mutu wake ndaumva ndipo ndikutha kuganiza. Sosaite ya maliro imakhala ndi kaundula: mayina, masiku, zopereka, amene anamwalira ndi kumene anaikidwa. Mwana wokhala ndi buku lotere m'manja, nafunsa okalamba awiri kapena atatu, amakhala ndi funso laling'ono loti angathe kulimaliza, monga lakuti anthu analeka liti kutumiza katundu wa malemu kumudzi. Mwana wanu anafuna kunyamula moyo wonse wa munthu wa zaka 90, kuyambira ku Dedza mpaka lero. Kuchuluka kwa masamba sitikuwerengera. Tikakhala oweruza atatu m'kalasi, mapulojekiti 40 ataunjikana, ambirife timayamba kutsegula kumapeto kuti tione magwero, kenako koyambirira kuti tione funso, ndipo mwana akaima patsogolo pathu timamufunsa chinthu chimodzi m'njira zosiyanasiyana: wadziwa bwanji? Chikuto chokongola chimatenga malikisi ochepa zedi. Ndalama yomangitsira ija mukadakwerera kombi.

Kombiyo ikadakufikitsani ku National Archives of Zimbabwe, ku Gunhill mumsewu wa Borrowdale. Nkhokwe ya zikalata zakaleyi inakhazikitsidwa mu 1935, ndipo muli mafayilo a boma la atsamunda, nyuzipepala zakale, zithunzi ndi mawu a anthu ojambulidwa. Mupite naye inuyo kapena aphunzitsi ake, mutenge zitupa zanu ndi pensulo, ndipo muyambe mwafunsa za malamulo ndi malipiro ake. Musayembekezere kukapeza fayilo yolembedwa dzina la agogo. Chimene mwana angachite m'tsiku limodzi ndi kupempha nyuzipepala za Disembala 1958, Rhodesia Herald yomwe inkalembera azungu ndi African Daily News yomwe inkawerengedwa m'malokeshoni, n'kuona mmene iliyonse inafotokozera za Kamuzu. Akaika ziwirizo pambali pa mawu a agogo, ali ndi mboni zitatu za tsiku limodzi. Zikalata za mbali ya kwathu zili ku National Archives of Malawi ku Zomba, koma pa msinkhu wake za kuno zikwanira.

Pali zinthu ziwiri zimene makolo muyenera kuyang'anira inuyo, osasiyira mwana. Chithunzi cha chitupa chija chinapachikidwa pakhoma la holo nambala zonse zikuoneka. Mabanja athu anavutika mokwanira ndi nkhani ya unzika, kuyambira lamulo la 2001 lomwe linasiya ambiri obadwira kuno opanda dziko, mpaka malamulo aakulu a 2013 atabwezera unzika kwa obadwira kuno kwa makolo a m'mayiko a SADC ndi kuika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Nambala muzibisa, ndipo agogo afunsidwe ngati akulola kuti dzina lawo lituluke. Chinanso, ndaona kuti mwanayu watchula kuti agogo anali mkulu wa gule pa komboni. Gule wamkulu ndi mutu wabwino, UNESCO inamuzindikira mu 2005, koma za kudambwe sizilembedwa m'pulojekiti ya sukulu, ndipo mtsikana asaumirize nkhalamba kuulula. Alembe za pabwalo: ankavina liti, pa maliro a yani, abwana a pulazi ankati chiyani.

Za kukadandaula kwa okonza mpikisano, ine ndikuti zisiyeni. Chimene mungapemphe mwaulemu kudzera mwa aphunzitsi ndi pepala losonyeza mmene malikisi anagawidwira, kuti mwana aone pamene anatsikira. Ntchitoyi sinapite pachabe. Chichotsereni CALA, ntchito zija ana ankachita m'kati mwa chaka n'kuwerengedwa pa mayeso, masukulu akupereka mapulojekiti pansi pa maphunziro atsopano otsamira pa chikhalidwe ndi mbiri ya dziko omwe anayamba mu 2024, ndipo luso lomweli ndi limene mayeso a History a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso kuno, amafuna pa mafunso a magwero. Mwatchulanso kuti bambo ake akuti History ilibe ntchito, atenge sayansi. Auzeni kuti loya, mtolankhani, wofufuza milandu ndi wowerengera ndalama za kampani onse amadya chifukwa chotha kuika mapepala awiri pamodzi n'kuona pamene sakugwirizana. Ngati mtsikanayu akufuna zamalamulo ku University of Zimbabwe, History ya A Level imuthandiza.

Loweruka likubwerali, mwanawe, pita kwa agogo ndi foni yodzaza moto. Uyambe wapempha kuti uwajambule mawu, utchule tsiku ndi malo kumayambiriro, ndipo uwalole alankhule Chichewa, kumasulira udzachita pambuyo. Usawauze kuti alakwitsa chaka. Uwapatse chitupacho m'manja, uwafunse kuti tsiku limene anachilandira anagona kuti, anapita ndi yani ku ofesi, ndipo asanachilandire ankagwira ntchito kwa yani. Akakhala chete usathamangire kufunsa lina. Ukamaliza ufunsenso agogo aakazi paokha, kukhitchini, agogo aamuna asakumva.