Mowa wosawawa ulipo, ndipo kuufuna si chamanyazi

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Lilongwe yemwe wangoyamba kumene ntchito. Akuti Lachisanu lililonse anzake amamutengera ku Bwandilo koma iye mowa umamuwawa mkamwa, akameza amachita tsinya anzakewo nkumamuseka. Ndiye akufunsa ngati ulipo mowa wofewa woti munthu nkuyambira.

Achimwene, chomwe chandikhudza mu imelo yanuyi ndi kusekedwako. Ine ndinadutsamo. Pomwe ndinkayamba ntchito ku Blantyre ndinagwera mu gulu la madala akuluakulu ndipo pa tebulo pawo lamulo linali limodzi, mwamuna amamwa Special kapena Stout basi, ukangoitanitsa china chopepuka ayamba kukufunsa ngati chitenje wachisiya kunyumba. Munali mnzanga wina mgulumo, mwana wofatsa bwino, mowa wa mbotolo unkamukanika ngati inuyo. Pothawa kuwawa komanso pothawa kusekedwa anayamba kumwa zaukali zosakaniza ndi Fanta poti izo zimatsika bwino komanso madala aja amakupatsa ulemu, kenako ndalama zitayamba kuvuta anatsikira ku masacheti aja boma linadzaletsa, ntchito inatha, banja linagwedezeka, ndipo anthu omwe ankamuseka aja palibe ndi mmodzi yemwe anapita kukamuona. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipweteka.

Nchifukwa chake mawu oti "mowa wa akazi" ndimadana nawo kwambiri. Amanyoza amayi komanso amakankhira anyamata ku zinthu zamphamvu zomwe matupi awo sanazikonzekere. Munthu wogula ndi ndalama yake asankhe chomwe lilime lake likufuna, ndipo wina aliyense wopanga phokoso pa botolo la mnzake ndi wopanda khalidwe, kaya ndi bwana kaya ndi wamkulu msinkhu.

Komanso tiyeni tinene zoona, kuwawa kumeneku sikwathu. Agogo athu ankafulula masese ndi chimanga ndi chimera cha mawere kapena mapira, mowa wake umakhala wowawasa, wokhutitsa, koma osati wowawa. Chibuku naye ndi wa banja lomwelo. Ife takula ndi thobwa, ndiye lilime likadabwa ndi lager, mowa wa mbotolo ngati Green uja, palibe chachilendo. Fakitale ya Carlsberg inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, ndipo inali yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark, mu 2016 ndi pomwe a Castel anaigula. Mowa wa lager amapangira chimera cha balere, chomwe chimatsekemera, ndiye pophika amathiramo maluwa a chomera china choyanga chotchedwa hops kuti achepetse kutsekemerako komanso mowa usamawonongeke msanga. Kuwawa konse kuja ndi hops. Ofulula amakuyeza ndi nambala yotchedwa IBU, ma lager opepuka amakhala pansi pa 20 pomwe ma IPA, mowa wothiramo hops wambiri, omwe atchuka ku Cape Town ndi ku London amafika 40 mpaka 70. Amenewo musawayandikire kaye.

Apa mpomwe madala aja ankasochera. Kuwawa ndi mphamvu ndi zinthu ziwiri zosiyana, mowa utha kuwawa koma uli wopepuka, wina nkukhala wotsekemera koma ukugwetsa munthu. Ngakhale mtundu sunena zonse, Castle Milk Stout ndi yakuda bii koma ili ndi shuga wa mumkaka yemwe yisiti samudya, ndiye imamveka yofewa kuposa momwe imaonekera.

China chomwe anthu sachilabadira ndi kasungidwe. Botolo lobiriwira limalowetsa kuwala kuposa labulauni, ndipo kuwala kukakumana ndi hops mowa umayamba kafungo konyansa. Kireti ikakhala padzuwa kuseri kwa bala, kenako magetsi nkuzima firiji nkufunda, chomwe akupatsenicho sichikhalanso chomwe anafulula. Ambiri omwe amati mowa ndi woipa anayambira pa botolo lotere. Likhudzeni kaye, ngati silikuzizira libwezeni mwaulemu.

Ndiye muyambire pati?

Kuche Kuche. Ndi wopepuka, mphamvu yake ndi yocheperapo poyerekeza ndi Green kapena Special, ndipo akazizira bwino kuwawa kumangomveka patali. Chill mukaipeza nayonso ndi yofewa, chimodzimodzi Castle Lite. Zikakanikabe pangani shandy, theka mowa theka Sprite mu tambula, kenako muzichepetsa Sprite pang'onopang'ono. Mukadzapita ku Johannesburg kapena mukaona mmashopu akuluakulu yesani mowa wa tirigu, Hoegaarden wa ku Belgium amathiramo makoko a lalanje, Erdinger wa ku Germany amamveka kafungo ka nthochi, onsewa hops ndi wochepa koma mtengo ndi wokwera.

Savanna ndi Hunter's ambiri adzakuuzani, koma zimenezo ndi cider, amapangira maapozi, zimatsika ngati juwisi pomwe mphamvu yake siyochepa, ndiye muziwerenga mabotolo. Idyani kaye kanyenya kapena chipisi musanayambe, ndipo mukamwa galimoto musayendetse, kwerani taxi. Mukayesa zonsezi nkupeza kuti sizikukomanibe itanitsani Cherry Plum muzicheza nawo anzanuwo, nkhani ya mpira imakambika chimodzimodzi.