Phwando la zaka 15 la atsikana a ku Mexico: lidachokera kuti, nanga limatanthauzanji?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene akukhala ku Houston, m'dziko la America. Akuti mnzawo wa kuntchito, wochokera ku Mexico, wawaitanira ku quinceañera ya mwana wake wamkazi, ndipo wawapemphanso kuti akhale "madrina wa keke", kutanthauza mayi wothandiza phwandolo pogula keke. Akufunsa kuti: kodi mwambo umenewu udachokera kuti? Ndi wa mpingo kapena wa makolo? Kodi ndi chinamwali chawo?

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Quinceañera ndi chikondwerero chimene amachitira mtsikana akakwanitsa zaka 15, ndipo chidafala ku Mexico, Cuba, Puerto Rico, Guatemala, Colombia, Argentina ndi kulikonse kumene anthu a maiko amenewa adasamukira. Nako ku Brazil, kumene amalankhula Chipwitikizi, chilipo.

Mukafunsa eni ake, ambiri akuuzani kuti mwambowu udachokera kwa Aaziteki, mtundu umene unkalamulira pakati pa dziko la Mexico Asipanishi asanagonjetse mzinda wawo wa Tenochtitlan mu 1521. Mawuwa ali ndi pogwira. Mu Codex Mendoza, buku la zithunzi limene lidajambulidwa cha m'ma 1540 ndipo likusungidwa ku Oxford, ku England, muli tsamba loonetsa zimene zinkachitika mwana akafika zaka 15: mnyamata akuperekedwa kusukulu ya ansembe kapena ya ankhondo, mtsikana akukwatiwa, nsonga ya chovala chake itamangidwa ku nsalu ya mwamuna wake. Wansembe wina wa chipani cha Fransisko, Bernardino de Sahagún, adalembanso malangizo aatali amene bambo ndi mayi a Chiaziteki ankapereka kwa mwana wawo wamkazi akasinkhuka. Choncho msinkhu umenewu unali wolemekezeka kuyambira kale.

Koma ine ndikuti tisakokomeze. Mukalowa muholo ku Houston kuja, mwa zonse mukaonezo palibe chimene Mwaziteki akadachizindikira. Diresi lotambalala ngati belu, chisoti chonyezimira kumutu, anyamata ovala masuti, gule wa waltz wovina mogwirana awiriawiri, zonsezi n'za ku Ulaya. Mabanja olemera a kumeneko ankachita maphwando oonetsera ana awo aakazi kwa anzawo apamwamba, kuti zidziwike kuti mwana wakula ndipo angathe kufunsiridwa. Ku Mexico kukonda za ku Ulaya kudakula m'nthawi ya mfumu Maximilian wa ku Austria ndi mkazi wake Carlota, amene adalamulira kuyambira 1864 mpaka 1867, kenaka mu ulamuliro wa pulezidenti Porfirio Díaz umene udatha mu 1911, pamene mpondamatiki aliyense ankafuna kuvala ndi kudya ngati munthu wa ku Paris. Anthu wamba adadzatengera mwambowu pambuyo pake, n'kuusandutsa wawo.

Mbali yachitatu ndi ya Mpingo wa Katolika. Tsikulo limayamba ndi Misa yothokoza. Mtsikana amabwerezanso malonjezo a ubatizo wake, wansembe amadalitsa mphatso zake monga Baibulo, kolona, mendulo ndi mphete, ndipo iye amakaika maluwa patsogolo pa chithunzi cha Amayi Maria a ku Guadalupe, amene Akatolika a ku Mexico amawalemekeza kwambiri. Dziwani kuti si sakramenti ayi, ndi dalitso chabe. Maepiskopi a ku America adakonza mapemphero ake, ndipo likulu la Mpingo ku Vatican lidawavomereza mu 2007. Maparishi ambiri amafuna kuti mtsikanayo ayambe waphunzira kaye za chikhristu tsikulo lisanafike. Mabanja a mipingo ina nawonso amachita, m'busa n'kudzapemphera.

Madzulo ndiye kuli zinthu. Mtsikana amalowa ndi omuperekeza, atsikana ndi anyamata, amene mwa mwambo amakhala awiriawiri okwana 14, iye n'kukwanitsa 15, ngakhale masiku ano ambiri amachepetsa. Ana amenewa amakhala ataphunzira magule kwa miyezi. Kenaka amamukhazika pampando pakati pa holo. Bambo ake amagwada, kumuvula nsapato zafulati zimene wabwera nazo, n'kumuveka za gogoda. Akadzuka amavina waltz ndi bambo akewo. Pamenepa mukaona azibambo a ndevu zawo akupukuta misozi mobisa. Palinso chidole chomaliza, chovekedwa diresi lofanana ndi lake, chimene amalandira kapena kupatsira mng'ono wake posonyeza kuti za ubwana watsazikana nazo. Ku Argentina mtsikana amapereka makandulo 15 kwa anthu 15 amene amuthandiza kwambiri pa moyo wake, aliyense n'kumunenera mawu pagulu.

Tsono kodi ndi chinamwali? Zikufanana pamfundo imodzi yokha: mtundu wonse ukuvomereza kuti mwanayu si mwananso. Kupitirira apo zasiyana. Chinamwali chimayendera kutha msinkhu, pamene quinceañera imayendera tsiku lobadwa. Kulibe tsimba, kulibe anamkungwi, kulibe malangizo obisika kwa amuna ndi ana. Zonse zimachitikira poyera, kamera ili m'manja, ndipo amene ali patsogolo ndi bambo wa mwana. Kale zinkatanthauza kuti mtsikanayo angathe kukwatiwa. Lero makolo ambiri amangotanthauza kuti angathe kudzola zophoda, kupita kumagule, ndi kusenza udindo panyumba ndi kumpingo.

Za u-madrina wanuwo, musazitenge mopepuka. Phwando lotere limadya ndalama zambiri, moti banja limodzi la anthu ogwira ntchito wamba silingakwanitse lokha. N'chifukwa chake amagawana: wina agula diresi, wina alipira holo, wina oimba a mariachi (nyimbo za chikhalidwe cha ku Mexico), wina wojambula zithunzi. Onsewa amatchedwa mapadrino ndi mamadrina, monga amatchulira makolo a ubatizo. Kwa ine apa ndiye pagona mtima wa mwambo wonsewu, kuposa diresi ndi chisoti. Wa keke ndiye kuti mugula keke, dzina lanu litchulidwa pagulu, ndipo kuyambira tsikulo banjalo likuonani ngati wachibale. Funsani msanga mtengo wake, poti keke ya quinceañera imakhala yosanjikiza ngati ya ukwati. Ngati thumba silikulola, nenani mosabisa. Si zachilendo kuti anthu awiri agawane mphatso imodzi.

Odandaula aliponso pakati pa eni ake. Ena amati makolo amalowa ngongole chifukwa cha usiku umodzi, ansembe ena amadandaula kuti kutchalitchi kumabwera anthu owerengeka koma kuholo kosapondeka. Atsikana ena amasankha ulendo kapena galimoto m'malo mwa phwando, ndipo mabanja ena ayamba kuchitiranso ana awo aamuna.

Inuyo pitani ku Misa komwe, osangotulukira nthawi ya chakudya. Mufunsenso mtundu wa diresi la mtsikanayo kuti musavale zofanana naye, ndipo konzekerani kubwerera usiku kwambiri chifukwa magule sakutha msanga.