Kukhala pampando tsiku lonse: kodi kuthamanga Loweruka n'kokwanira?

Mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe watilembera imelo. Amagwira ntchito yowerengera ndalama ku City Centre, amakhala pakompyuta kuyambira m'mawa mpaka poweruka, ndipo madzulo mapazi amakhala atatupa, msana ukuwawa. Loweruka lililonse amathamanga. Akufunsa ngati zimenezi n'zokwanira.

Mayi, kuthamangako musasiye. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kuchita masewera olimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, koma limanenanso kuti tichepetse nthawi yongokhala. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pa maola a muofesi onjezanipo a m'minibasi, popita ndi pobwera, muona kuti miyendo yanu imagona pafupifupi tsiku lonse. Minofu ya m'ntchafu ndi akatumba ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi, ndipo akatumba akamafinyika poyenda amakankhira magazi kumtima. Mukakhala phee, madzi amadzadzana kumapazi. N'chifukwa chake nsapato yomwe inalowa bwinobwino m'mawa imathina pofika 4 koloko.

Mu 1953, dokotala wofufuza Jeremy Morris anapeza kuti ku London madalaivala a mabasi ankadwala mtima kwambiri kuposa makondakitala, amene ankakwera n'kutsika masitepe a m'mabasi osanjikiza tsiku lonse. Mu 2023, ofufuza a ku Columbia University ku America anayesa anthu 11 okha, koma zotsatira zake n'zothandiza: kuyenda mphindi 5 pakatha mphindi 30 zilizonse kunachepetsa kukwera kwa shuga pambuyo pa chakudya ndi 58 peresenti, ndipo BP inatsikako ndi 4 mpaka 5.

Ambiri amayamba ndi alamu ya pafoni, koma posakhalitsa amangoizimitsa osaimirira n'komwe. Chimene chimagwira ndi kumangirira kuyendako ku ntchito yomwe muli nayo kale. Chotsani botolo lalikulu la madzi patebulo, muzikatunga ndi kapu yaing'ono. Foni ikalira, yankhani mukuyenda. Mnzanu wa ofesi yachitatu musamulembere pa WhatsApp, pitani komwe ali. Kuimirira chabe sikuthandiza kwenikweni. Miyendo iyenera kusuntha.

Nthawi yofunika koposa ndi masana mukangotha kudya nsima, chifukwa shuga amakwera pamenepo. Musabwerere pampando mutangosamba m'manja. Yendani mphindi 10, kaya m'khonde kaya pamthunzi panja, makamaka mu Okutobala dzuwa likaswa mtengo.

Kumathero a mwezi, pamene malisiti aunjikana ndipo kuchoka n'kosatheka, chitani izi pomwepo: gwirani tebulo, nyang'amani pa zala za kumapazi n'kutsika pang'onopang'ono maulendo 20, kenako imirirani n'kukhala pampando maulendo 10 osagwira ndi manja. Ngati mpando uli ndi matayala, uyedzekeni kukhoma kaye. Ukatsetsereka mugwa chagada. Ndipo a bwana auzeni poyera chifukwa chimene mukuimirira pafupipafupi, asamaganize kuti mukuzemba ntchito.

Za kutupako tisazipepuse. Ngati mapazi onse awiri sakuphwa ngakhale mutagona usiku wonse, kayezetseni BP, shuga ndi impso. Koma mwendo umodzi wokha ukatupa, ukutentha ndi kuwawa pakatumba, musausisite. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mwina magazi aundana mumtsempha.