Kwa achemwali amene afunsa ngati apitirize kupempherera achimwene awo

Achemwali, pepani ndi mtolo umene mwasenzawu. Mwati achimwene anu anasiya tchalitchi zaka 7 zapitazo, pano kukangocha ali ku kachasu, ndipo inu mwawapempherera mpaka maondo kuwawa. Ndiye m'bale wina wakuuzani kuti musadzivute, Mulungu anasankhiratu anthu ake dziko lisanalengedwe. Ngati achimwene anuwo ali m'kaundula wake adzabwera okha, ngati mulibe ndiye kuti mukungotaya malovu. Tsono mukufunsa ngati munthu amasankha yekha kutsata Yesu kapena zinatha kale kumwamba, komanso ngati kupemphera kwanuko kuli ndi phindu.

Ndiyambe ndaulula mbali yanga. Ine ndinakulira mu CCAP, Sinodi ya Nkhoma, kalasi ndinalowera komweko, ndipo chiphunzitso cha kusankhiratu ndimachikhulupirira. Mayi a kunyumba anakulira ku Assemblies of God, ndipo mpaka lero sachivomera. Takanganapo kambirimbiri, nthawi zina mpaka nsima kuzizira. Koma nditawawerengera funso lanu dzulo, tonse awiri tinagwirizana kuti m'bale ujayo wakusocheretsani.

Zimene wanenazo si chiphunzitso cha kusankhiratu ayi. Ndi nzeru ya dalaivala wa minibasi amene akuthamanga ndi matayala akutha, mukamudzudzula iye n'kumati, "Tsiku likakwana lakwana, bwana." Tsegulani Machitidwe 27 muone kusiyana kwake. Paulo ndi wamndende, ali m'ngalawa yopita ku Roma, muli anthu 276, ndipo namondwe wawazunguza masiku ambiri osaona dzuwa kapena nyenyezi. Mngelo akumuuza Paulo usiku kuti ngalawa idzaswekadi koma palibe ndi mmodzi yemwe adzafe. Nkhani yatha pamenepo, Mulungu walamula. Komatu usiku wa 14, amalinyero akutsitsa kabwato mwakachetechete kuti athawe, akunamizira kukaponya anangula. Paulo yemwe uja, amene anamva yekha mawu a mngelo, akuuza mkulu wa asilikali kuti anthu awa akapanda kukhala m'ngalawa muno, inu simupulumuka. Asilikali akudula zingwe, kabwato n'kupita. Kenako akuwakakamiza onse kuti adye kuti apeze mphamvu. Ngalawa itasweka, odziwa kusambira anasambira, enawo anagwira matabwa, ndipo onse anafika pa chisumbu cha Melita.

Ndiye ndiuzeni, anawapulumutsa ndi lonjezo la Mulungu kapena thabwa? Paulo sanaone kuti ziwirizi zikulimbana. Mulungu amene anati onse adzafika kumtunda ndi yemweyo anakonza kuti amalinyero asathawe, kuti anthu adye, kuti pakhale thabwa loti wosadziwa kusambira agwire. Akakonza mathero amakonzanso njira yofikira kumeneko. Munthu amene wakuuzani kuti musiye kupemphera akufuna mathero popanda njira, ndipo Baibulo silidziwa zoterozo. Onaninso pa Machitidwe 18. Ambuye atamuuza Paulo ku Korinto kuti ali ndi anthu ambiri mumzindamo, iye sanalongeze katundu n'kunena kuti poti ndi anu adzabwera okha. Anakhala komweko chaka ndi miyezi 6 akuphunzitsa.

Funso lanu linalo, lakuti amasankha ndani, ndi lovutirapo, ndipo amene angakuyankheni m'mizere iwiri akupepusa nkhani. Paja chalaka bakha nkhuku singatole. Mkanganowu unayaka kale pakati pa Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, ndi Pelagius wochokera ku Britain. Pelagius ankati munthu amabadwa ndi mphamvu zonse zomvera Mulungu akangofuna. Augustine ankati kufunako ndiye kunadwala ndi tchimo, sikungadzuke kokha popanda chisomo. Msonkhano wa ku Carthage mu 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius, ndipo wa ku Orange mu 529 unatsimikiza kuti chisomo ndicho chimayamba, koma unakananso zoti Mulungu amakonzeratu munthu kuti achite zoipa. Erasmus, katswiri wamaphunziro wa ku Netherlands, ndi Martin Luther wa ku Germany analemberana zowawa pa nkhani yomweyi mu 1524 ndi 1525. Pamene pakutikhudza ife kwambiri ndi ku Netherlands. Jacobus Arminius, mphunzitsi wa ku Leiden amene anaphunzira ku Geneva komwe, mzinda wa John Calvin, mphunzitsi wotchuka wa kusankhiratu, anayamba kukayikira zina mwa ziphunzitso za kumeneko. Atamwalira mu 1609, omutsatira analemba mfundo 5 mu 1610, ndipo Sinodi ya ku Dort, imene inakhala kuyambira 1618 mpaka 1619, inawayankha mfundo ndi mfundo. Mayankho amenewo ndi amodzi mwa zivomerezo zimene mpingo wa Dutch Reformed unapita nazo ku Cape, ku South Africa, ndipo kuchoka ku Cape anafika nazo ku Mvera, kumene kuli muzu wa Sinodi ya Nkhoma, mu 1889 a A.C. Murray ndi a T.C.B. Vlok. Anzathu a Reformed Church in Zambia muzu wawo ndi womwewo. Taganizani, anthu okhulupirira kusankhiratu ndi amene anasiya kwawo kudzalimbana ndi malungo kuno. Akanakhala ndi nzeru za m'bale wanuyo, bwenzi atangokhala ku Cape n'kumati Achewa osankhidwa adzapulumuka okha.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti mbali ziwirizi zimagwirizana pa zambiri kuposa mmene timalalatirana pa Facebook. Otsatira Arminius m'mfundo zawo zija analemba okha kuti munthu sangakhale ndi chikhulupiriro chopulumutsa mwa mphamvu za iye mwini, ayenera kubadwanso mwa Mzimu Woyera. John Wesley, amene anayambitsa mpingo wa Methodist ndipo anali wa mbali ya Arminius, ankaphunzitsa chimodzimodzi, kuti chisomo chimatsogola munthu asanaganize n'komwe zotembenuka. Nawo a ku Dort analemba kuti uthenga wabwino ulalikidwe kwa mitundu yonse ndi anthu onse mopanda tsankho, ndiponso kuti chisomo sichigwira ntchito mwa munthu ngati kuti ndi chipika kapena mwala. Sichimukoka pakhosi, chimachiritsa kufuna kwake mpaka afune yekha. Choncho palibe mbali imene imati munthu amadzipulumutsa, palibenso imene imati munthu amalowa kumwamba akukana.

Pamene pagona mkangano ndi apa. Anthu awiri amva ulaliki umodzi pa maliro amodzi, wina walapa, wina wapita kwawo akuseka. Kusiyanako kwachokera kuti? Mayi a kunyumba amati onse awiri anapatsidwa chisomo chokwanira, wina anachilandira, wina anachikankha, ndipo Mulungu anasankha amene anawaoneratu kuti adzakhulupirira. Amanditsegulira 1 Timoteo 2:4, kuti Mulungu afuna anthu onse apulumuke, ndi 2 Petro 3:9, ndi Mateyu 23:37 pamene Yesu akudandaulira Yerusalemu kuti anafuna kusonkhanitsa ana ake ngati thadzi lifungatira anapiye koma iwo sanafune. Ine ndimati ngati kusiyanako kuli mwa munthu, ndiye kuti wolapayo ali ndi kenakake kodzitamandira, kuti iye anali wofewa mtima kuposa mnzake. Ndimawatsegulira Yohane 6:44, kuti palibe angadze kwa Yesu Atate akapanda kumukoka, ndi Aefeso 1:4, ndi Machitidwe 13:48. Komanso ndimawauza kuti ndimawamva akamapempherera ana athu. Sanena kuti, "Ambuye, musakhudze ufulu wa mwanayu." Amati, "Muthyoleni mtima, m'bwezeni." Pogwada amapemphera ngati a ku Nkhoma. Iwo amandibwezera kuti nane ndikapatsidwa mpata wolalikira ku mlaga ndimachonderera anthu kuti lapani lero ngati wa Pentekosite, ndipo sanama.

Sindikubisirani kuti mbali yangayi ili ndi fupa lake. Ngati Mulungu angathe kufewetsa mtima uliwonse, bwanji safewetsa yonse? Paulo pa Aroma 9 akuliona funso limeneli likubwera, ndipo yankho lake ndi la woumba mbiya ndi dongo. Ndaliwerenga kosawerengeka, silinandikhalikepo bwino mumtima. Koma anzathuwonso fupa ali nalo, pakuti ngati Mulungu anadziwiratu kuti uje adzakana mpaka imfa n'kumulengabe, funso lija langosuntha pang'ono, silinachoke. Chimene ndimaona n'chakuti Paulo yemweyo wa Aroma 9 akuyamba mutuwo ndi chisoni chachikulu chifukwa cha abale ake, ndipo mutu 10 akuuyamba ndi kuwapempherera kuti apulumuke. Ndipo Baibulo likafika pa zinthu ziwirizi silipepesa, limangoziika pamodzi. Pa Machitidwe 2:23 Petro akuti Yesu anaperekedwa mwa uphungu woikika wa Mulungu, mpweya womwewo n'kuwauza omvera kuti inu munamupha. Pa Afilipi 2:12-13 akuti gwirani ntchito ya chipulumutso chanu, pakuti wochita mwa inu kufuna ndi kuchita komwe ndi Mulungu.

Kwa amene amatchulana kuti ampatuko chifukwa cha funso ngati la achemwaliwa, dziwani kuti Wesley ndi George Whitefield, mlaliki mnzake wokhulupirira kusankhiratu, anasemphana kwambiri pa nkhani imeneyi mpaka magulu awo kugawikana, koma Whitefield atamwalira mu 1770, amene analalikira pa mwambo womukumbukira ku London anali Wesley, ndipo chinali chifuniro cha malemuyo.

Tsono za achimwene anu. Kaundula uja sanakuonetseni inu, sanamuonetsenso m'bale wanuyo. Deuteronomo 29:29 akuti zinsinsi n'za Yehova, zovumbulutsidwa ndizo zathu. Chovumbulutsidwa n'chakuti wakudza kwa Yesu sadzamutaya kunja, ndipo mawu amenewa ali pa Yohane 6:37, m'vesi lomwelo lonena za amene Atate anamupatsa. Munthu akadali kupuma palibe angaloze chala n'kunena kuti uyu sanasankhidwe.

Augustine uja, amene onse a kusankhiratu amamutcha gogo wawo, anali mwana wosautsa. Mayi ake, Monica, anali Mkhristu, koma iye analowa chipembedzo cha Amanikeo n'kukhalamo zaka pafupifupi 9, ali ndi mwana wa kunja kwa ukwati. Mu 383 anafuna kuchoka ku Carthage kupita ku Roma. Mayi ake anamutsatira mpaka ku doko akumuletsa, iye anawanamiza kuti akungoperekeza mnzake, usiku n'kukwera ngalawa kuwasiya akulira ndi kupemphera kuti asapite. Pemphero la usiku umenewo silinayankhidwe. Koma ulendo womwewo ndi umene unakamufikitsa ku Milan, kumene anakamva ulaliki wa bishopu Ambrose, ndipo anabatizidwa pa Pasaka wa 387 ali ndi zaka 32. Monica anali atamulondola ku Italy, anaziona ndi maso ake, n'kumwalira ku Ostia chaka chomwecho. Mwana wakeyo polemba za moyo wake sanaone chovuta kunena kuti anamukoka ndi Mulungu, ndiponso kuti misozi ya mayi ake sinagwe pachabe.

Inu muli pa zaka 7. Pitirizani. Ndingowonjezera chimodzi chimene ndinachiphunzira mochedwa ndi mphwanga amene nayenso mowa unamugwira: musamangowaonekera ndi Baibulo m'manja. Muzipitako m'mawa asanayambe kumwa, muwatengere ndiwo, mucheze za mpira kapena za kumudzi. Ndipo ngati afika poti akapanda kumwa manja amanjenjemera, apite nawo kuchipatala wina amene amamumvera, chifukwa kusiya mwadzidzidzi pa msinkhu umenewo kumatha kumugwetsa munthu khunyu.