Opaleshoni yochepetsa chifu: kodi idzandigwirira ntchito?

FUNSO: Ndili ndi zaka 41, ndimalemera makilogalamu 128, ndipo ndine wamtali mamita 1.65. Ndili ndi matenda a shuga. Madokotala andipatsa tsiku la opaleshoni yochepetsa chifu yotchedwa sleeve miyezi iwiri ikubwerayi. Njira zonse zomwe ndayesa kale zinkathandiza kanthawi, kenako thupi n'kubwerera. Kodi iyinso sidzandigwiritsa mwala?
Mayi wodandaula

YANKHO: Mayi, tiyambe ndi masamu, chifukwa ambiri amene amati opaleshoni yawakanika amakhala kuti ankayembekezera nambala yomwe dokotala sanawalonjeze. BMI yanu, yomwe ndi muyeso woyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake, ndi 47. Malangizo omwe mabungwe a madokotala a ntchitoyi, ASMBS ndi IFSO, adatulutsa mu 2022 amavomereza opaleshoni kuyambira pa 35, kapena pa 30 kwa wodwala shuga, ndiye inu mukuyenerera. Ambiri amataya pakati pa 25 ndi 30 pa 100 alionse a kulemera kwawo m'miyezi 12 mpaka 18. Kwa inu ndiye kuti sikelo ikaima pakati pa makilogalamu 90 ndi 96. Mukafika pamenepo opaleshoni yagwira, ngakhale muyeso wa BMI uzidzakuwerengeranibe m'gulu la onenepa. Mukaika mtima pa makilogalamu 65, mudzadziona ngati mwalephera pomwe zinthu zayenda bwino.

Chomwe chimasiyanitsa opaleshoni ndi kudzimana chakudya n'chakuti munthu ukadzimana, thupi limabwezera: njala imakula, mphamvu limagwiritsa ntchito mochepa, mpaka zomwe unataya zibwerere. Pa sleeve amadula n'kuchotsa pafupifupi 80 pa 100 a chifu, kotsalako n'kukhala kotalika ndi kopapatiza ngati nthochi. Gawo lochotsedwalo ndi lomwe limapanga kwambiri ghrelin, homoni yoyambitsa njala. Choncho si kukhuta msanga kokha, njala yeniyeniyo imazilala. Pa bypass, womwe ndi mtundu wina wa opaleshoniyi, amasiya kathumba ka chifu ka mamililita pafupifupi 30 n'kukalumikiza ku matumbo aang'ono chakumunsi, ndipo shuga nthawi zambiri amatsika m'masiku oyambirira, thupi lisanachepe n'komwe.

Kodi zimakhalitsa? Kafukufuku wa ku Sweden wotchedwa SOS, yemwe adayamba mu 1987, adapeza kuti ochitidwa bypass adatsika sikelo ndi 32 pa 100 m'zaka ziwiri zoyamba, ndipo patatha zaka 10 anali akadali otsika ndi 25 pa 100. Onani kuti pang'ono pamabwerera ndithu. Zimenezo n'zachizolowezi, si kulephera.

Kubwerera kwakukulu kuli ndi zifukwa zodziwika, ndipo chachikulu si kutanuka kwa chifu monga anthu amanenera. Chifu chaching'ono chimaletsa kudya zambiri nthawi imodzi, koma sichiletsa kutolatola tsiku lonse. Kabisiketi apa, kachokoleti apo, kapu ya juwisi: zonsezi zimasungunuka n'kudutsa osasiya kukhuta kulikonse. Zakumwa zotsekemera ndi mowa ndiye zimangodutsa ngakhale chifu chikhale chochepa motani. Njala nayo imayambanso kumveka chaka choyamba chikatha, ndipo amene amapulumuka ndi amene pofika nthawiyo anazolowera kale kudya katatu pa nthawi yake, kuyamba ndi zomanga thupi. N'chifukwa chake miyezi iwiri muli nayoyi musaitaye podya zotsanzikana. Yambani lero kutafuna nthongo iliyonse maulendo 20, kutha mphindi 20 mpaka 30 pa chakudya, ndi kusamwa kanthu mukudya mpaka patadutsa mphindi 30. Ngati mumadya mukakhumudwa kapena kudzuka usiku kukatsegula firiji, auzeni madokotala anu tsopano. Mpeni sufika kumeneko, pamafunika uphungu.

China choti mudziwiretu: cha m'sabata yachitatu sikelo imaima masiku angapo, mwina masabata awiri. Pamenepa ambiri amalira kuti zawakanika. Ndi madzi a m'thupi akukhazikika basi, kutsika kumapitirira.

FUNSO: Andiuza kuti masabata awiri opaleshoni isanachitike ndizingomwa zamadzimadzi zochepa mphamvu. Phindu lake n'chiyani poti akukadula chifu chomwecho? Ndimasutanso fodya pang'ono, ndipo sindinawauze.
Bambo wokonzekera bypass

YANKHO: Bambo, kadyedwe kameneko si koyesa kupirira kwanu. Cholinga chake ndi chiwindi. Mbali yakumanzere ya chiwindi imagona pamwamba pa chifu, ndipo dokotala amayenera kuinyamula ndi kachitsulo kuti aone pomwe akudula, poti ntchito yonse imachitika kudzera pa timabowo ting'onoting'ono ndi kamera. Chiwindi cha munthu wonenepa chimakhala chachikulu, chamafuta, chosachedwa kung'ambika ndi kutaya magazi. Mukamadya makalori 800 mpaka 1,000 patsiku, shuga ndi sitachi zili zochepa kwambiri, chiwindi chimatha shuga yemwe chinasunga pamodzi ndi madzi ake, n'kuphwa. Chakudya chimodzi chachikulu chasitachi m'masiku omaliza chingathe kuchidzazanso. Dokotala akalowetsa kamera n'kupeza chiwindi chatseka njira, amatha kutseka timabowo osadula kalikonse.

Ngati mumabaya insulin kapena kumwa mapiritsi a shuga monga glibenclamide, mlingo wake uchepetsedwe ndi dokotala tsiku lomwe mukuyamba kadyedweka, apo ayi shuga adzatsika mpaka kukomoka.

Za fodyazo, auzeni, ndipo siyani masabata osachepera 6 tsiku lisanafike. Chikonga chimafinya timitsempha tomwe timapititsa magazi pamsoko, ndiye msokowo umachedwa kupola ndipo ungadonthe. Pa bypass osuta ndi amene amavutika kwambiri ndi zilonda pomwe kathumba kalumikizana ndi matumbo. Pa chifukwa chomwecho, ibuprofen ndi diclofenac mutsanzikane nazo. Mankhwala a ululu akhale paracetamol. Ngati mumaliza mkonono kwambiri n'kumabanika kutulo, pemphani akuyezeni, chifukwa mankhwala ogonetsa amakulitsa vutoli. Kwa amayi omwe akuwerenga: mapiritsi olera okhala ndi homoni ya oestrogen amasiyidwa masabata 4 opaleshoni isanachitike poopa kuundana kwa magazi, pambuyo pa bypass mapiritsi sadalirika, ndipo mimba idikire miyezi 12 mpaka 18.

FUNSO: Mkazi wanga akuchitidwa opaleshoniyi mwezi wamawa. Ine mantha anga ndi imfa. Akatuluka m'chipatala ndiziyang'ana chiyani?
Mwamuna wake

YANKHO: M'zipatala zomwe zimachita ntchitoyi kawirikawiri, omwalira ndi pafupifupi mmodzi kapena awiri pa anthu 1,000, zofanana ndi pa opaleshoni yochotsa ndulu. Zoopsa zenizeni ndi ziwiri, ndipo zonse zimaonekera msanga kwa munthu watcheru.

Choyamba ndi kudontha kwa msoko, makamaka m'masabata awiri oyamba. Chizindikiro chake choyamba kawirikawiri si ululu wa m'mimba, koma mtima. Phunzirani kuwerenga kugunda kwake padzanja. Ukapitirira 120 pa mphindi iwo ali chikhalire, makamaka ngati thupi latentha, akupuma mofulumira kapena phewa lakumanzere likuwawa, bwererani kuchipatala usiku womwewo, musadikire kuti kuche. Chachiwiri ndi magazi oundana: mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa, kapena phuma ladzidzidzi. Ayende pang'ono maola awiri alionse masana kuyambira tsiku loyamba, ndipo majakisoni ochepetsa kuundana amalize onse.

Chomwe chimabwezera ambiri kuchipatala komabe ndi kuchepa kwa madzi. Afikitse lita imodzi ndi theka patsiku, koma pang'onopang'ono, kakumwa kamodzi mphindi zingapo zilizonse. Mkodzo ukada, ndiye kuti sakukwanitsa. Masabata awiri oyamba ndi zamadzimadzi, awiri otsatira zopota, kenako zofewa, ndipo chakudya wamba cha m'sabata ya 6 mpaka 8. Zomanga thupi zifike magalamu 60 mpaka 80 patsiku. Musawakakamize kumaliza mbale. Supuni imodzi yoonjezera ndi yomwe imasanzitsa.

Kusanza kukapitirira masiku angapo musakutenge mwachibwana. Thupi limasunga vitamini B1 wa masabata ochepa chabe, ndipo akatha munthu amasokonezeka mutu, amadzandira, maso saona bwino, ubongo n'kuwonongeka osachiranso. Apatsidwe B1 wa jakisoni asanawaike diripi ya shuga. Tsitsi likayamba kuthothoka pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi musade nkhawa, limameranso. Koma mavitamini, ayironi, kashiamu ndi B12 ndi za moyo wonse, pamodzi ndi kuyezetsa magazi chaka chilichonse, ngakhale akudzimva bwino.