Dorian wanu akumveka ngati C major? Yang'anani dzanja lamanzere

Mnyamata wina woimba kiyibodi kutchalitchi wanditumizira funso pa imelo lokhudza Dorian, mtundu wina wa sikelo (mndandanda wa manotsi). Akuti: "Ndinamva kuti D Dorian ndi makiyi oyera okhaokha, kuyambira pa D mpaka pa D wina. Ndakhala ndikuyeserera milungu itatu, koma zikungomveka ngati C major. Ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, manotsiwo simunaphonye ayi. D, E, F, G, A, B, C ndi omwewo a C major. Tikanena mwa chikwaya, mwangoyambira pa re m'malo mwa do. Vuto ndi khutu. Linakulira m'nyimbo zothera pa do, ndiye mukangolilekerera limathamangira kwawo ku C. Muyenera kulisamutsa mpaka lizolowere kuti kwawo tsopano ndi pa D.

Ntchito imeneyi ndi ya dzanja lamanzere. Gwirani D wa m'munsi pamodzi ndi A, pondani pedulo ngati ilipo, ndipo musachokepo. Phokoso likamazilala, menyaninso pomwepo. Dzanja lamanja lisamakwere ndi kutsika sikelo yonse. Liziimba timizere tifupitifupi, manotsi anayi kapena asanu, n'kukapumira pa D, F kapena A. Chenjerani ndi G7 (manotsi G, B, D ndi F omenyedwa pamodzi), chifukwa zala za munthu wa kutchalitchi zikangoigwira zimagwera pa C zokha, Dorian n'kuthera pomwepo.

Kenako fufuzani B, pakuti mchere wonse uli pamenepo. D minor wamba ali ndi B flat (kiyi yakuda ya kumanzere kwa B), pamene Dorian ali ndi B. Kusiyana kwake n'komweko basi, kiyi imodzi. Kumanzere kukulirabe D uja, menyani F, A, B flat. Mumva kudandaula. Bwerezani, koma chala chitsetserekere pa B woyera. Chisoni chija chilipobe, koma chapepuka, ngati munthu wapukuta misozi. Ine ndimauza ophunzira akhale pa B ameneyu mpaka atatopa naye, chifukwa ambiri amamudutsa mothamanga ngati akuwotcha.

Khutu limaphunzira msanga likamva akatswiri, choncho mvetserani "So What" ya Miles Davis, woimba lipenga wa jazi wa ku America, ya mu chimbale cha Kind of Blue cha 1959. Ili ndi ma bar 32 (bar iliyonse ndi kugunda kanayi): oyamba 16 ali mu D Dorian, 8 otsatira akwera pang'ono kupita mu E flat Dorian, 8 omaliza abwerera pa D. Pa piyano pali Bill Evans, ndipo makodi awiri amene amayankha nawo bass mungawagwire lero lomwe. Yoyamba ndi E, A, D, G, B, yachiwiri ndi D, G, C, F, A. Manotsi atatu kumanzere, awiri kumanja. Taonani mmene atalikirana: sanaunjikidwe ngati makodi a nyimbo za m'buku, n'chifukwa chake sakukukokerani kwina kulikonse.

E flat Dorian asakuopseni. Ndi makiyi akuda onse asanu, kuwonjezerapo F ndi C.

Chimene chidzakuvuteni kwenikweni ndi kuwerenga. Nyimbo ikamazungulira, 8 omaliza aja amalumikizana ndi 16 oyamba, ndiye mumakhala pa D ma bar 24 osasuntha, ndipo apa ndi pamene ambiri amasochera. Muziwerenga mokweza anayianayi, phazi likugunda pansi, ndipo sabata yoyamba dzanja lamanja liziimba manotsi ochepa kwambiri kuti mutu usasiye kuwerenga.